Tepi Yothera Pamphambano

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo ndizitchuliretu zinthu zisanayambe, chifukwa anthu a ku Kasanda amati ine ndikanena kuti kunja kwacha, iwo amayamba atuluka kukaona. Yoyamba ndi amayi anga. Ali moyo, akukhalabe m'nyumba yomwe ija ya mgodi, ndipo mukakawafunsa adzayamba ndi kukuuzani kuti mwana wawoyo ndi wabodza, kenako adzakufotokozerani nkhani yomweyi. Yachiwiri ndi wometa tsitsi wa kuseri kwa mpanda wathu, Mbemba amene wameta mitu ya amuna a m'dera lathu kuyambira ili ndi tsitsi. Yachitatu ndi mdala wina amene ankaboola miyala pansi pa mgodi. Ameneyu anamwalira, koma mpaka lero sanatsutsepo mawu anga ngakhale amodzi.

Nkhani yake ndi ya filimu ya zigawenga imene atate anaionera zaka zambiri osadziwa mathero ake, ndi ya tsiku limene ntchito yowauza matherowo inagwera ine.

Mgodi utatsekedwa, atate anabwera kunyumba ndi kalata yowathokoza pa zaka zonse zimene anayendetsa lole, ndi deki ya vidiyo imene anagula kwa bwana wina amene ankalongedza katundu. M'mimba mwa dekiyo munali tepi imene bwanayo anaiwala. Inalibe chikuto, inalibe dzina. Amene anaijambula kuchokera ku tepi ina anachedwa kudina, motero filimu inkayamba anthu ali kale pakati pa mkangano. Sitinadziwe kuti imatchedwa chiyani. Tinkangoti filimu ija, ndipo Kasanda yense ankadziwa imene tikunena.

Munali amuna asanu okonza zothyola sitolo ya miyala yamtengo wapatali. Awiri mwa iwo anali pachibale. Wamkulu anali dalaivala, wodikira panja injini ikulira. Wamng'ono ndiye ankalowa m'kati. Theka la filimu linali kukonzekera basi: atazungulira tebulo, akusuntha mabokosi a machesi, uyu ndi mlonda, iyi ndi galimoto, apa pali khoma. Kenako ankaboola khomalo kuchokera m'sitolo yoyandikana nayo. Zinthu zinkasokonekera, belu linkalira, mfuti inkalira, wamng'ono uja ankatuluka akutsimphina, ndipo asanafike pa galimoto mkulu wake ankainyamula n'kuthawa.

Atate sanali dalaivala chabe. Anali mkulu wa mpingo, ndiponso womasulira. Kutchalitchi kukabwera mlaliki wolalikira m'Chingelezi, iwo ndiwo ankaima pambali pake. Mlaliki anene chiganizo, aime. Atate achinene m'Chinyanja, aime. Mlaliki akakweza chala, nawonso ankakweza chala. Tsiku lina mlaliki anatsokomola, atate anatsokomolanso, ndipo izi ndi zoona, amayi analipo. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalinena kawirikawiri: womasulira sawonjezera, sachotsera.

Filimu ija anaitenga chimodzimodzi. Lamlungu masana, mapemphero atatha, amuna asanu ndi atatu kapena khumi ankadzaza pabalaza pathu, amayi n'kutseka makatani chifukwa iyi inali nyumba ya mkulu wa mpingo. Atate ankakhala pa kampando pambali pa deki, chala chili pa batani loimitsira. Chigawenga chinene chiganizo, iwo aimitse, atembenukire kwa anthu, amasulire, ayatsenso. Filimu ya ola limodzi ndi theka inkatha dzuwa litapendeka. Chigawenga chikatukwana mnzake ndi mawu amene ine ndinadzawamvetsa nditakula, atate ankaimitsa n'kunena mofatsa kuti, "Akuti sindinakondwere nawe." Chikatukwananso, ankati, "Akuti sindinakondwerenso ndi amayi ako."

"Mudala, mau yaja yenze yatali," wometa uja ankadandaula.

"Tanthauzo lafika," atate ankayankha, n'kuyatsanso.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene amuna aja ankakondera filimu imodzi yomweyo mlungu ndi mlungu. Palibe aliyense wa iwo amene anabapo ngakhale nkhuku, kupatula mmodzi amene ndimutchule posachedwa. Ndikuganiza kuti sankabwera kudzaona kuba. Ankabwera kudzaona ntchito. Anali amuna amene moyo wawo wonse ankadzutsidwa ndi wezulo wa mgodi, ndipo tsopano ankadzuka opanda wowaitana, n'kukhala pa khonde kuyang'ana fumbi. M'filimumo munali anthu amene aliyense ankadziwa malo ake ndi nthawi yake. Wina ankayang'ana wotchi, anzake n'kumumvera. Pa gawo la mabokosi a machesi pabalaza pankakhala zii, ngati pa nthawi ya mgonero. Pa gawo loboola khoma mdala woboola miyala uja ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Saboola choncho. Athyola chitsulo." Chitsulo chinkathyokadi, mlungu uliwonse, ndipo iye ankatiyang'ana tonse mmodzimmodzi ngati munthu amene wanenera zinthu n'kuchitika.

Wometa uja anayamba kumeta anthu atavala jekete ndi chipewa ngati zigawenga zija m'mwezi wa Okutobala, thukuta likudonthera m'khutu mwa kasitomala. Amayi analemba pa tepiyo kuti Kwaya, kuopa abusa akabwera kudzacheza. Tinaionera mpaka zigawenga zinaonda. Ndikulumbira kuti mtsogoleri wawo anali ndi chimimba chaka choyamba, ndipo chaka chachisanu analibe. Pa galasi la tivi pankagwa mvula yoyera ngakhale anthuwo ali m'nyumba. Fumbi la ku Kasanda limalemera ndi mtovu, ndipo tepi yathu inameza lambiri mpaka inkalemera kuposa Baibulo la paguwa. Ikaduka, amayi ankailumikiza ndi utoto wa zikhadabo umene anaulanda kwa mlongo wanga.

Koma vuto lake lenileni linali kumapeto. Wojambula uja anagwiritsa ntchito tepi yaifupi. Dalaivala akathawa, ankatsitsa anzake, n'kutsala yekha. Ankafika pamphambano kunja kwa tauni, n'kuima. Njira yakutsogolo inkapita kumalire. Kumbuyo ndiko anasiya mng'ono wake. Ankayang'ana pa kagalasi koonera kumbuyo, injini ikulira. Pamenepo deki inkalira kuti thwa, galasi n'kuda, tepi n'kuyamba kudzibweza yokha.

Apa ndiye mkangano unkayambira. Ena ankati wabwerera, ena ankati munthu woti wathawa kale sabwerera. Amene ankakweza mawu kuposa onse anali atate aang'ono, mng'ono wawo wa atate wobadwa nawo mimba imodzi, munthu wanthabwala amene abale amati ine ndinatengera.

"Wabwerera uyo," ankatero. "Mkulu wake ndi mkulu wake. Si choncho, akulu?"

"Tepi sinanene," atate ankayankha. Palibe tsiku limene anawonjezerapo.

Atate aang'ono nawonso ntchito inali itawathera. Chaka chachiwiri anagwidwa ndi nthambo zamagetsi zimene sizinali zawo. Ine ndinali nditangomaliza sukulu, ndinkakhala panyumba, ndipo ndinaona mkazi wawo akulowa pa geti m'mawa, mwana ali kumsana, n'kugwada pa khonde.

"Alamu, akuti mupite mukawasainire. Apolisi akufuna wachibale wodziwika, atuluke azikayembekezera mlandu kunyumba."

Atate anavala jekete, anapopa njinga, ananyamuka. Ola lisanathe anabwerera, anatsamiritsa njinga pa khoma, analowa kuchipinda. Wometa uja anadzatiuza pambuyo pake kuti anawaona ataima pamphambano ya msewu wopita m'tauni, phazi limodzi lili pansi, kwa nthawi yaitali. Unali mlungu wa mgonero, ndipo iwo ndiwo ankayenera kugawa mkate. Dzina la mkulu wa mpingo likanalembedwa m'buku la apolisi pambali pa dzina la wakuba.

Panalibe wina wosaina. Atate aang'ono anadikira mlandu ali m'chitokosi, anagamulidwa, anadwala chifuwa ali m'ndende, ndipo anamwalira chilango chisanathe. Pa maliro atate anachita zonse zimene mkulu amachita, anagula bokosi, analandira alendo, koma itafika nthawi ya mawu a banja anatuma msuweni wawo. Mkazi wamasiye uja anasamukira ku Ngungu. Sanaponde pa geti pathu kuyambira pamenepo, ndipo atate sanaponde pake.

Amuna aja anapitiriza kubwera Lamlungu, koma tepi ikati thwa panalibenso wokangana. Aliyense ankafunafuna chipewa chake. Atate anayamba kuionera okha pakati pa mlungu, osamasulira, osaimitsa. Sankaizimitsa isanafike pamphambano. Ankadikira mpaka galasi lide, tepi idzibweze yonse, ndiye n'kudzuka.

Deki inafa patapita zaka. Wokonza mawailesi anaitsegula, anayang'ana m'kati, anavula kapu, anaitseka. Tepi inakalowa m'kabati pamodzi ndi mabuku a nyimbo. Ine ndinakwatira, ndinapeza ntchito yojambula mapepala a ophunzira pa makina a fotokope kufupi ndi yunivesite ya Mulungushi, ndinachita lendi ku Ngungu, misewu itatu kuchokera kwa amayi aang'ono aja, amene ndimawapatsa moni ndikawapeza akugulitsa tomato. Mdala woboola miyala anamwalira. Shuga inawadya atate maso, loyamba kenako lachiwiri, mpaka anatsala kuzindikira kokha kuti chitseko ndi chotsegula kapena chotseka.

Chaka chatha, tsiku lina ndikuwadula zikhadabo pa khonde, anati, "Iwe umakonda mafoni. Filimu ija ilipo kwina?"

"Iti, atate?"

"Usandifunse iti."

Ndinapita kwa munthu wina wa mumsika amene amaika nyimbo ndi mafilimu pa fulashi. Anandifunsa dzina lake, ndinati ilibe.

"Manje bosi, filimu ilibe zina nizaipeza bwanji?"

Ndinamufotokozera mabokosi a machesi, khoma, chitsulo chothyoka, galimoto yobiriwira. Patatha mlungu anandiitana. Anati filimuyo ndi yakalekale, itatuluka anthu sanaisamale, koma kunjako kuli anthu amene amaikonda ngati mpingo, amaloweza mawu ake, amakangana za iyo pa mafoni. Ndinamuuza kuti mpingo umenewo ndikuudziwa, nthambi yake ya ku Kasanda inkasonkhana kwathu.

Ndinaionera ndekha kunyumba kwanga, masana, mkazi wanga atapita ku msika. Pambuyo pa mphambano panali mphindi khumi ndi ziwiri zimene tepi yathu inalibe. Dalaivala sanabwerere.

Ndinasunga fulashiyo m'thumba milungu itatu. Mlungu woyamba ndinauza atate kuti ili ndi vairasi. Wachiwiri ndinati munthu wa mumsika uja waika filimu ina molakwitsa, ya anthu omenyana ndi mapazi. Wachitatu amayi anandikokera kukhitchini.

"Atate ako akuwerenga milungu. Waipeza kapena sunaipeze?"

"Ndaipeza."

"Ndiye?"

"Sanabwerere."

Amayi anapukuta mbale imodzi nthawi yaitali. Kenako anati, "Iwe wanama moyo wako wonse popanda phindu. Nama kamodzi kothandiza munthu. Saona. Kumapetoko amayankhula?"

"Pang'ono chabe."

"Ndiye uwauze kuti wabwerera. Wometa ndimuuza ndine."

Tinasankha Loweruka chifukwa ndilo tsiku limene magetsi ankabwera masana m'dera lawo. Tivi inali ya masiku ano, imene mlongo wanga anawagulira, yongobaya fulashi kumbuyo. Tinali anayi: atate, amayi, wometa amene anatseka shopu yake n'kubwera atavala chipewa chija, ndi ine. Amayi anatseka makatani ngakhale panalibenso woti n'kumubisira. Atate anapempha kampando kawo, ndipo ndinawagwiritsa rimoti, n'kuika chala chawo pa batani loimitsira.

Chithunzi chinali choyera moti tinachita manyazi. Mvula ija inalibe. Zigawenga zinali zitanenepanso. Galimoto imene tinkaidziwa kuti ndi yobiriwira inali yabuluu. Ndipo pa tebulo la mabokosi a machesi panali munthu wachisanu ndi chimodzi, atakhala kumapeto kwenikweni, amene tepi yathu inkamudula. Zaka zonse zija tinkamva munthu akutsokomola osadziwa kuti ndani. Wometa anamuyang'ana munthuyo mokwiya ngati walowa pa maliro osaitanidwa.

Atate anamasulira filimu yonse ndi makutu okha. Sanaphonye chiganizo. Nthawi zina ankaimitsa chigawenga chisanamalize, chifukwa ankadziwa kale kumene chikupita. Pa gawo loboola khoma palibe amene ananena kuti saboola choncho, ndipo chitsulo chitathyoka atate anakhala kaye chete asanayatsenso. Belu linalira, mfuti inalira, galimoto inanyamuka. Anamva zitseko zikutsekedwa anzake aja akutsika. Anamva injini ikutsika mawu pamphambano, ndipo anaimitsa.

"Ine ndimathera apa," anatero, n'kutambasula dzanja kufuna langa. Anandipatsa rimoti. "Kuyambira apa umasulira ndiwe. Uzinena zimene ukuona."

Ndinayatsa. Ndinayamba kunena.

"Akuyang'ana pa kagalasi. Wagwira chiwongolero ndi manja onse. Akuyang'anabe." Galimoto inanyamuka, kulunjika kutsogolo, kumalire. "Wakhota, atate. Watembenuza. Akubwerera."

"Abwelela, mudala," wometa anatero. "Namuona na menso yanga."

Amayi anali kuyang'ana pansi.

Ndinapitiriza, chifukwa bodza ndi ntchito imene ndimaidziwa. Pa galasi pankadutsa minda ndi mitengo ya magetsi, ine n'kumati akudutsanso pa mlatho uja, waona magetsi a tauni, akuthamangitsa kwambiri. Ndinali nditayamba kale kukonza mmene akamupezere mng'ono wake atabisala kuseri kwa migolo.

"Imitsa," atate anatero.

Ndinaimitsa.

"Bweza kufika pamphambano."

Ndinabweza.

"Kweza mawu. Ndipo iwe ukhale chete."

Tinamvetsera tonse injini ikulira pamalo amodzi. Kenako inanyamuka. Atate anakweza dzanja n'kumawerenga ndi zala, nthawi iliyonse mawu a injini akasintha. Chala chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi.

"Msewu uja ndi wopapatiza," anatero. "Ndauona kambirimbiri. Uli ndi ngalande mbali zonse. Munthu sangatembenuze galimoto pamenepo osaika rivesi, ndipo rivesi imalira mwake, ngati kamwana ka mbuzi. Ine ndamva giya yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Ameneyo akupita." Anatembenuzira nkhope kumene kunali wometa. "Ndi inunso, ba neba?"

"Menso yanga yakalamba, mudala," wometa anayankha motsitsa.

"Ndinawatuma ndine," amayi anatero. "Musawakalipire."

"Sindikukalipira munthu. Ndikufuna womasulira." Anandipeza bondo ndi dzanja, n'kuligwira. "Yambiranso. Zimene ukuona."

Ndinayambiranso, ndipo ndikuganiza kuti m'moyo wanga wonse sindinayankhulepo mphindi khumi ndi ziwiri zotsatizana popanda kukometsera. Ndinati wapita kutsogolo. Ndinati akudutsa minda, dzuwa latuluka, wasiya kuyang'ana pa kagalasi, ndipo tsopano wakapinda kuti kayang'ane kudenga. Ndinati wafika pa katauni kena, waimika galimoto kuseri kwa nyumba yosatha kumanga, wasiya makiyi pa mpando. Akuyenda pansi. Palibe akumuthamangitsa. Walowa m'nyumba yodyeramo, wakhala pa tebulo la pakona, wavula chipewa. Mayi wina wabwera ndi kabuku.

Mayiyo anayankhula, dalaivala anayankha, ndipo amenewo ndiwo anali mawu okhawo m'mphindi zonsezo. Ndinatsegula pakamwa, koma atate anandifinya bondo. Chingelezi chinali chawo.

"Akuti, muli nokha?" anatero, ndi mawu awo a paguwa aja. "Akuti, ndili ndekha."

Mayina a ochita filimu anayamba kukwera pa galasi. Tinawaona koyamba, koma palibe amene anawawerenga.

"Yatha?"

"Yatha, atate."

"Samugwira?"

"Samugwira."

"Eya," anatero. "Samugwira."

Wometa ananyamuka mwakachetechete, anati ali ndi kasitomala, ngakhale shopu anaitseka yekha. Amayi anatsegula makatani. Atate anakhalabe pa kampando, manja ali pa mawondo.

"Ndinkati mwina wa m'filimu anali ndi chifukwa chimene ine sindinachione," anatero patapita nthawi. "Mwina apolisi anatseka msewu. Mwina mafuta anatha. Pamphambano paja panalibe kanthu, eti?"

"Panalibe."

"Ngakhale panga panalibe. Njinga inali bwino. Ndinaima, ndinaganiza za mkate wa Lamlungu, ndinabwerera kunyumba. Ndinadziuza kuti ndipita Lolemba." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Mlamu wanga akali ku Ngungu?"

"Akali komweko."

"Mawa tikatuluka kutchalitchi undiperekeze."

Amayi anati mwina tiyambe tatumiza uthenga, munthu sangotulukira kwa wamasiye patatha zaka zonsezi. Atate anati uthenga unatumizidwa kale, unachokera kumeneko, ndipo iwo ndi amene sanayankhe.

Tinakwera minibasi mawa lake. Kondakitala anawakhazika kutsogolo ataona ndodo yawo. Njira yonse anayankhula kamodzi kokha, pamene anati dalaivala akuwononga kilachi. Titatsika ndinawagwira pa chigongono, tinayenda pang'onopang'ono kudutsa pa tumashopu, n'kukhota pa mpopi.

Amayi aang'ono tinawapeza akuchapa panja, atawerama pa beseni. Tsitsi lawo linali litayera m'mbali mwa duku. Ndinati odi. Anadzutsa mutu, anayang'ana ine, anayang'ana atate, ndipo anawongoka pang'onopang'ono, sopo akudontha m'manja.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, amayi," ndinayankha.

"Nanga?"

Atate anavula chipewa. Anali atayang'ana pambali pang'ono, kumene kunali chingwe choyanikira, ndipo ndinawatembenuza ndi phewa.

"Alamu, tsiku lija munandituma, sindinafike kupolisi. Ndinafika pamphambano chabe. Palibe chimene chinanditsekereza. Ndinabwerera ndekha."

"Ndikudziwa," amayi aang'ono anatero. "Ndinali kumbuyo kwanu, ndikuyenda pansi ndi mwana. Pobwerera munandidutsa."

"Ndinakuonani."

"Ndikudziwanso zimenezo."

Anawerama, anatola malaya m'beseni, anawafinya mpaka madzi anatha, anawaponya m'ndowa. Anatola ena. Atate anangoima, chipewa chili pachifuwa, dzuwa likuwawomba pa dazi.

"Iwe," amayi aang'ono anatero, osandiyang'ana. "Munthu wa shuga samuimika padzuwa. Mpando uli kuseri kwa chitseko."

Ndinatulutsa mpando, ndinauika pamthunzi wa khoma, ndinawakhazika atate. Amayi aang'ono anapitiriza kuchapa. M'beseni munali zovala zambiri, za iwo ndi za zidzukulu, ndipo anachapa chilichonse, anatsukuluza, anayanika. Atate anadikira. Beseni litatha anataya madzi ku maluwa, anapukuta manja pa chitenje, analowa m'nyumba, natuluka ndi mphasa. Anaiyala pafupi ndi mpando uja, anakhala pansi, anatambasula miyendo.

"Nenani tsopano, alamu," anatero. "Muyambire pachiyambi."